Momwe mungakaonere mbalame za m'madambo a Kafue kuchokera ku Lusaka

Nkhwazi ili pa mbendera yathu, koma anthu ambiri a mu Lusaka sanaimvepo kulira kwake. Komatu kokaimvera si kutali. Kumwera chakumadzulo kwa mzinda uno kuli Kafue Flats, chigwa chomwe mtsinje wa Kafue umasefukiramo chaka ndi chaka, ndipo mu 1991 chinalowa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. M'chigwamo muli mapaki awiri, Blue Lagoon kumpoto kwa mtsinje ndi Lochinvar kumwera. Ku Lochinvar kokha anthu aonako mitundu ya mbalame yoposa 400.

Choyamba sankhani kopita. Blue Lagoon ndiyo yapafupi, makilomita pafupifupi 120 mukadzera msewu wa Mumbwa, ndipo mutalawirira mutha kubwerako tsiku lomwelo. Wa ku Lochinvar ndi ulendo wogona: mudutsa Kafue ndi Mazabuka mpaka chakufupi ndi Monze, kenako msewu wafumbi wa makilomita oposa 40. Kwa oyamba kumene ndinganene kuti Lochinvar, chifukwa kuli thamanda lalikulu la Chunga Lagoon pomwe mbalame zimasonkhana ngakhale kwina kutauma.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pagona ulendo wonse, yang'anani madzi musanayang'ane kalendala. Mbalame za m'dambo zimatsata madzi. Mvula ikagwa kuyambira Novembala, kumafika mbalame zochokera ku Ulaya ndi ku Asia zothawa chisanu, koma nthawi yomweyo dothi la makande limasanduka phala, galimoto imatitimira mpaka m'matayala. Madzi amadzaza chigwa chakumapeto kwa dzinja, cha mu Epulo ndi Meyi. Akayamba kuphwa, nsomba ndi nkhono zimatsalira m'maiwe osaya, ndiye mbalame zimaunjikana pamenepo. Miyezi ya Juni mpaka Ogasiti ndiyo yosavuta: msewu wauma, madzi akadali pafupi. Mukachedwa mpaka Okutobala, ku Blue Lagoon mukapeza madzi atathawira kutali. Dziwaninso kuti kusefukira kwa masiku ano sikudalira mvula yokha. Damu la Itezhi-Tezhi kumtunda ndi la Kafue Gorge kumunsi ndi amene amatsegula ndi kutseka madzi chifukwa cha magetsi, choncho funsani a Department of National Parks and Wildlife za msewu ndi madzi musananyamuke.

Katundu si wambiri. Magalasi oonera patali, abwino ndi olembedwa 8x42, ndipo obwereka amaona chimodzimodzi ndi ogula. Kope ndi pensulo, chipewa, madzi akumwa okwanira, mankhwala othamangitsa udzudzu, juzi ya m'mawa poti mu Juni kudambo kumazizira koopsa. Valani zofiirira kapena zobiriwira, malaya oyera asiyeni kunyumba. Pafoni ikani Merlin Bird ID, pulogalamu yothandiza kuzindikira mbalame, muli m'tauni, popeza netiweki kumeneko njosadalirika. Chitupa chanu cha NRC musaiwale, nzika zimalipira zochepa pageti kusiyana ndi alendo akunja. Galimoto ikhale yamsinkhu, mafuta odzaza.

Mukafika, khalani pamalo dzuwa lisanatuluke. Imani dzuwa lili kumbuyo kwanu kuti mitundu ya nthenga ioneke, kenako khalani pansi muleke kuyendayenda. Oyamba kumene amalakwa pothamangitsa mbalame iliyonse yomwe yauluka. Sankhani dziwe limodzi, mukhalepo theka la ola osalankhula mokweza, muona zomwe zinabisala m'bango zikutuluka zokha. Mbalame muipeze kaye ndi maso, ndipo osachotsa maso pamenepo kwezani magalasi kufika kumaso. Mukayang'ana pansi kufuna magalasi, yapita.

Dzina lisakuvuteni msanga. Onani msinkhu, mlomo, miyendo ndi zomwe ikuchita, mulembe, dzina mulifufuze pambuyo. Akakowa oyera ndi atsekwe mudzawadziwa nokha. Chiswankhono ndi wakuda, ndipo mlomo wake ukatsekedwa pakati pamatsala mpata. Amaulowetsa m'matope nkuvuula nkhono. Pali kakowa wina wakuda yemwe amati black heron: amayenda pang'ono m'madzi osaya, mwadzidzidzi nkufunyulula mapiko kuwazunguliza kutsogolo ngati ambulera, mutu uli mkati, kudikira tinsomba tobwera pamthunzi. Amatero, nkupinda, nkusuntha mapazi angapo, nkuteronso. Pamasamba oyandama mudzaona jacana, wa zala zazitali zomwe zimamuthandiza kuyenda pamwamba pa masambawo osamira. Kwa iyeyu wofungatira mazira ndi kulera ana ndi tambala, ndipo zikavuta amawanyamula m'mapiko, timiyendo tili lendee. Nkhwazi mudzayamba mwaimva musanaione, ikuponya mutu kumbuyo polira.

Yomwe anthu amabwerera kuchokera kunja ndi wattled crane, mbalame yaitali ya khosi loyera, msana wotuwa, nkhope yofiira ndi tinyama tiwiri tolendewera pansi pa chibwano. Kafue Flats ndi amodzi mwa malo omwe yatsala yochuluka mu Africa. Ifuneni komwe kukudya lechwe, mphoyo za m'madzi zomwe mtundu wake wa Kafue sumapezeka kwina kulikonse padziko. Mukaona mbalamezi ziwiri zili pazokha pakati pa dambo, musayandikire. Nthawi zambiri zimalera mwana mmodzi yekha, ndipo zikadzidzimuka nkuchoka pachisa, dzira limatsala poyera.

M'madzi musalowe ngakhale aoneke osaya, muli ng'ona ndi mvuu. Ngati pageti pali wolondera nyama woti akuperekezeni, mutengeni, amadziwa komwe mbalame zagona ndi njira yomwe yaola.

Dzuwa likakwera mbalame zimachepa, ndiyo nthawi yokhala pamthunzi nkulemba zomwe mwaona pa eBird, tsamba la pa intaneti pomwe anthu amalemba mbalame zomwe aona, kapena kuzisunga kuti mukafunse a bungwe loona za mbalame la BirdWatch Zambia ku Lusaka. Pobwerera musathamange pomwe pali mikuyu ikuluikulu yotalikirana m'thengo la udzu. M'mitengo imeneyo mumakhala Chaplin's barbet, kambalame koyera ka mapiko akuda ndi kufiira kuzungulira diso, komwe kamapezeka mu Zambia mokha. Zimitsani injini, mutsitse galasi, muyang'ane nthambi zouma zapamwamba.