Timiyala tanga timakandana m'chitini

Ndimatolera timiyala tokongola, ka ruby ka ku Chimwadzulu ku Ntcheu, aquamarine wa ku Mzimba ndi agate wa ku Ngabu, ndiye tonse ndinkangoponya m'chitini chimodzi cha mabisiketi. Tsiku lina ndikutiyang'ana padzuwa pakhonde kuno ku Chilomoni ndinangoona agate uja ali ndi timizere toyera, mtima unandiwawa zedi. Vuto linali ruby, pa sikelo ya Mohs yoyezera kulimba kwa miyala ali pa 9 pomwe agate ali cha pa 7 basi, chitini chikagwedezeka wolimbayo amakanda anzake. Ndinagula thonje mu Limbe, nkutolera mabokosi a machesi opanda kanthu, mwala uliwonse bokosi lakelake, pamwamba ndalemba dzina ndi komwe unachokera. Timizere ta agate tikadalipo koma sitinawonjezekenso.