Manyuchi a tiyi wa zonunkhira: kaphikidwe ndi kasungidwe kake pakhomo

Juni akafika kuno ku Zomba, nkhungu imatsika m'phiri m'mamawa mpaka kukuta Matawale ndi Chinamwali, ndipo pakhomo paliponse ketulo ndiyo imayambirira kukhala pamoto. Ambirife timakonda kuponyamo jinja kuti thupi lifunde. Koma jinja satulutsa ukali wake msanga. Amafuna kuwira nthawi yaitali, pamene mwana wavala kale yunifolomu, bambo akuthamangira minibasi, makala nawo akungonyeka. Mapeto ake mayi amaphula ketulo madzi atangobwata, tiyi n'kumamveka jinja patalipatali.

Amayi ndi abambo, pali njira yoti ntchito imeneyi muziigwira kamodzi pa sabata. Muphike zonunkhira zanu mofatsa tsiku limodzi, muthiremo masamba a tiyi ndi shuga, mupeze manyuchi oti musunge m'botolo. M'mawa mungotenthetsa madzi kapena mkaka, n'kuthiramo sipuni imodzi, basi tiyi wapsa.

Tiyi wamtunduwu kwawo ndi ku India, kumene amamutcha masala chai. Masala ndi zonunkhira zosakaniza, chai ndi tiyi, mawu omwewo amene anzathu a ku Tanzania amagwiritsa ntchito. Ife tili ndi mwayi chifukwa zinthu zitatu zikuluzikulu ndi zathu zomwe. Masamba a tiyi amachokera ku Thyolo ndi ku Mulanje (ku Mulanjeko minda ya tiyi inayamba m'zaka za m'ma 1890), shuga ndi wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, jinja amamera m'madimba mwathu momwemu. Zochokera kutali ndi zitatu: sinamoni, cloves (timaluwa touma tooneka ngati timisomali) ndi cardamom. Izi mumazipeza m'masitolo a amwenye m'tauni ndi kwa ena ogulitsa zokometsera ndiwo mumsika waukulu.

Pogula, sankhani zathunthu, osati za ufa. Za ufa zimakhala zitauluka kale fungo pashelefu, ndiponso zimadutsa pa sefa n'kukadikha pansi pa botolo ngati matope. Sinamoni akhale wa makungwa, cardamom akhale wa timakoko tobiriwira, ndipo musanalipire mufinye kamodzi ndi chikhadabo n'kununkhiza. Ngati sikakumveka kanthu, ndi kakale, musiye. Jinja akhale wolimba, wosakwinyika khungu, ndipo mukamuthyola azilira kuti thyo, ali ndi madzi m'kati. Cardamom ndiye wokwera mtengo pa zonsezi. Akasowa kapena thumba likakana, musalekere pomwepo: masamba atatu kapena anayi a lemon grass wa kuseri kwa nyumba amapereka fungo lokoma, ngakhale si lofanana.

Muyeso umene ndimaphunzitsa m'magulu a amayi ndi uwu, ndipo kapu imene ndikunena ndi ya mamililita 250. Madzi makapu 3. Jinja wamkulu ngati zala zamanthu ziwiri. Sinamoni timakungwa 2 totalika ngati chala. Cardamom timakoko 10, cloves 6, njere 10 za tsabola wakuda. Masamba a tiyi masipuni aakulu 6. Pa cloves pokha ndipamene muyenera kuugwira mtima. Ndi tating'ono koma ndi taukali, ndipo tikachuluka lilime limachita dzanzi, zonunkhira zina zonse n'kubisika.

Yambani ndi chiwaya chouma, chopanda mafuta. Kazingani sinamoni, cardamom, cloves ndi tsabola pamoto wochepa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mukuvundula. Kutenthako kumatulutsa mafuta a fungo amene ali m'kati mwake. Fungo likangodzadza m'khitchini, phulani, musadikire utsi. Kenako muziphwanye pang'ono mu kamtondo, kungozithyola chabe, osati kusinja mpaka ufa. Jinja mumutsuke bwino, makamaka m'mphindi momwe mumabisala dothi, mumupale ndi nsonga ya sipuni, n'kumudula mapisi opyapyala kapena kumutswanya.

Ikani zonsezi m'poto muli madzi aja. Zikabwata, chepetsani moto. Pambaula, chotsani makala ena kapena tsekani kachitseko ka mphepo, kuti madzi azingonyamula timathovu pang'onopang'ono. Vundikirani mosiya kampata, ndipo ziwire choncho kwa mphindi 20. Madzi asanduka ofiirira ndipo achepa ndithu. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi madzulo, pamakala otsala mutaphula nsima, amene kawirikawiri amangothera phulusa popanda ntchito.

Apa ndiye pagona nkhani yonse, ndipo ndipempha kuti mumvetsetse. Masamba a tiyi sawiritsa pamodzi ndi zonunkhira. Poto ayambe wachoka pamoto, ndiye muthiremo masamba, muvundikire, mudikire mphindi 4 kapena 5 zokha, n'kusefa nthawi yomweyo. M'masamba a tiyi muli zinthu zotchedwa tannins, zomwe zija zimachititsa khambi m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa. Masamba akakhalitsa m'madzi otentha, zinthuzi zimatuluka zochuluka, ndipo shuga sangazibise.

Ndinaziona ndi maso pa gulu lina la amayi cha ku Thondwe. Mayi wina, wodziwa kuphika kwambiri, amene zitumbuwa zake zimatha msanga pamsika, anabwera ndi botolo lake sabata yotsatira titaphunzira. Mtundu wake unali wokongola, wakuda bii ngati uchi wakale. Titathira m'makapu, aliyense anangolawa kamodzi n'kukhala chete, milomo itakwinyika. Mayi uja anati, "Alangizi, ine ndinatsatira zonse, koma masambawo ndinaponyera limodzi kuti alowerere bwino." Anali atawiritsa masamba mphindi 20 zonse zija, kenako n'kuwafinya mwamphamvu pansalu kuti pasatayike kanthu. Shuga wa makapu 4 anapita pachabe, ndipo zinandikhudza chifukwa ndikudziwa mtengo wa paketi ya shuga masiku ano. Kuchokera tsiku limenelo ndimabwereza kawiri pophunzitsa: masamba amalowa poto atachoka pamoto, ndipo posefa safinyidwa. Asiyeni akhe okha.

Sefani kawiri, koyamba pa sefa ya tiyi, kachiwiri pa kansalu koyera kamene mwakawiritsa. Kanyenyeswa kalikonse ka jinja kotsalira m'manyuchi ndi pamene chuku chimayambira. Muyenera kutsala ndi madzi okwana makapu 2. Akachepa, onjezerani madzi owiritsa mpaka akwane.

Tsopano shuga. Ambiri amaganiza kuti shuga ndi wongotsekemeretsa, ndiye amamuchepetsa kuti asunge ndalama. M'manyuchi, shuga ndiye mlonda. Amagwira madzi, tizilombo toyambitsa kusasa ndi chuku n'kusowa madzi oti tikhaliremo, monga momwe mchere umasungira nsomba kapena momwe jamu amakhalira miyezi. Choncho muyeso wake umadalira kumene mukasunge botolo.

Ngati muli ndi firiji, thirani shuga wofanana ndi madziwo, makapu 2 pa makapu 2. Manyuchi amenewa amakhala masabata awiri kapena atatu m'firiji. Ngati mulibe firiji, kapena kwanu magetsi amathimathima, wirikizani shuga: makapu 4 pa madzi makapu 2, omwe ndi magalamu pafupifupi 800, kutanthauza kuti pa paketi ya kilogalamu imodzi patsala kapu imodzi. Muyeso umenewu umatulutsa pafupifupi lita imodzi ya manyuchi olimba, omwe ndi ambiri pa banja limodzi. Langizo langa kwa opanda firiji ndi lakuti muphike theka la zonse ndatchulazi, ndipo mumalize m'sabata imodzi nyengo yozizira. Mu Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, musapitirire masiku anayi kapena asanu. Shuga wabulauni ndimamukonda kuposa woyera pa ntchito iyi chifukwa kafungo kake ka nzimbe kamagwirizana ndi sinamoni.

Bwezerani poto pamoto wochepa, thirani shuga, muzivundula mpaka pansi pa poto pasamvekenso mchenga. Zikangoyamba kuwira, werengani mphindi 2 n'kuphula. Musafune kuti zilimbe pamoto ngati maswiti, zimalimba zokha zikamazizira. Manyuchi a shuga wambiri nthawi zina amachita timiyala pansi pa botolo. Theka la sipuni yaing'ono ya madzi a mandimu pophika limathandiza kupewa zimenezi, koma musapyole pamenepo, chifukwa mandimu akachuluka amadula mkaka m'kapu. Timiyalato tikachitika, imikani botolo m'madzi ofunda, tisungunuka.

Mkaka usalowe m'botolo ngakhale pang'ono, kaya wa ng'ombe kaya wa ufa. Mkaka umathiridwa m'kapu pa nthawi yakumwa.

Botolo likhale lagalasi, lokhala ndi chitsekero chogwira bwino. Aja a jamu, a khofi ndi a mayonesi ndi abwino, bola fungo la zakale litatheratu. Lapulasitiki limapindika ndi kutentha. Tsukani botolo ndi chitsekero ndi sopo, muziike m'poto wa madzi ozizira, muwiritse kwa mphindi 10, kenako muvuule n'kuzondotsa pamalo oyera kuti ziume zokha. Musapukute ndi kansalu ka mbale, kamene kagwira zambiri tsiku lonse. Thirani manyuchi akadali otentha m'botolo lofunda, chifukwa galasi lozizira limatha kusweka, ndipo mutseke pomwepo. Matani kapepala kolembapo tsiku lophika. Sungani pamthunzi, pozizira, kutali ndi mbaula. Nyerere zikalipeza, imikani botolo m'kambale ka madzi.

Potunga, ndi bwino kupendeketsa botolo n'kuthira pa sipuni kusiyana ndi kuviikamo sipuni, makamaka imene yalowa kale m'kapu kapena m'kamwa mwa mwana. Tsiku lililonse yang'anani musanathire. Mukaona timadontho toyera kapena tobiriwira pamwamba, kapena thovu, kapena chitsekero chikalira kuti fwii potsegula, kapena fungo likayamba kupita ku thobwa losasa, tayani zonse. Musayengule pamwamba n'kumwa zapansi. Chuku chimene chikuoneka ndi maso chimakhala chitafalikira kale m'kati.

Kamwedwe kake ndi kosavuta. Pa kapu ya mkaka wotentha, kapena theka mkaka theka madzi, thirani sipuni yaikulu imodzi ya manyuchi olimba, kapena imodzi ndi theka ya aja a m'firiji. Ndinene mosabisa kuti m'sipuni imodzi mumamveka kwambiri zonunkhira ndi shuga, tiyi weniweni amamveka pang'ono. Agogo amene anazolowera tiyi wakuda wogwira kukhosi muwaphikire tiyi wawo monga mwa masiku onse, manyuchiwo alowe m'malo mwa shuga. Ndi mbatata yophika kapena chinangwa, kadzutsa wakwana. Muthanso kuthira pang'ono m'phala kapena mu ufa wokanda mandasi.

Pa za thanzi pali ziwiri zofunika. Sipuni yaikulu imodzi ya manyuchi olimba ili ndi shuga wokwana masipuni aang'ono pafupifupi 3. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2015, limati shuga wothira asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masipuni aang'ono 12. Makapu anayi a tiyiyu ndiye kuti mwafika pamalire musanadye chotsekemera china chilichonse. Odwala shuga manyuchiwa si awo. Iwo aphike zonunkhira ndi tiyi popanda shuga, amwe tsiku lomwelo kapena mawa lake ngati zili m'firiji.

Chachiwiri ndi tannins zija. Zimalepheretsa thupi kutenga bwino ayironi wa m'nyemba ndi m'ndiwo zamasamba, amene amathandiza kupanga magazi. Amayi oyembekezera ndi aliyense amene kuchipatala anamuuza kuti magazi ndi ochepa asamwe tiyi pamodzi ndi chakudya, adikire ola limodzi. Ana aang'ono apangireni botolo lawo lopanda masamba a tiyi, la jinja pang'ono ndi sinamoni, loti muzithira kadontho m'phala. Makanda osakwana miyezi 6 ndi bere lokha.

Amayi a matiyirumu pa Mpondabwino, ku Songani kapena pa Jali, apa pali mwayi. Kasitomala wa kabaza akafika m'bandakucha akunjenjemera, simufunikanso ketulo yachiwiri ya tiyi wa jinja. Ketulo ndi imodzi, botolo lili pambali, amene wafuna wa zonunkhira mumamuthirira sipuni n'kuwonjezera kamtengo pang'ono. Lita imodzi ya manyuchi olimba imatulutsa masipuni aakulu opitirira 60, choncho werengerani zonse mwagula, makala omwe, mugawe ndi 60, mudziwe mtengo wa sipuni imodzi musanatchule mtengo wa kapu. Mukafuna kugulitsa manyuchiwo m'mabotolo kusitolo, imeneyo ndi nkhani ina, yofunika kuyamba mwaonana ndi a Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu wogulitsidwa.

Zotsalira pa sefa musataye msanga. Ngati munasefa zonunkhira padera musanathire masamba, zimatha kuwiritsidwanso kamodzi mawa lake pa tiyi wamba, kenako zipite kudzenje la manyowa. Ndipo pa jinja amene mwagula, patulani chidutswa chokhala ndi timaso tiwiri kapena titatu. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, mukwirire masentimita 5 m'dothi lofewa, la manyowa, losadikha madzi, pamthunzi wa nthochi, n'kuphimbira ndi udzu. Pakatha miyezi 8 mpaka 10 masamba ake amachita chikasu n'kuuma, ndiye nthawi yokumba. Amene alibe malo, thumba la simenti lodzaza dothi ndi manyowa, loboola pansi, limakwanira mbewu ziwiri.