Musamate simenti pa mng'alu musanakumbe pansi

Ndalama za fodya zikangotuluka ku Chinkhoma, midzi ya kuno ku Kasungu imayamba kununkha penti. Chaka chinonso ngolo zikuchoka pa Boma, pa Santhe ndi pa Chamama zitasenza malata ndi matumba a simenti. Ukafunsa kuti akumanga kuti, ambiri akuti sakumanga, akungokonza nyumba yakale. Kukonza si kulakwa ayi. Chimene chandidwalitsa mutu nyengo ino n'chakuti anthu akuyambira pamwamba ndi kunja: pulasitala, penti, denga latsopano, koma osatenga khasu n'kukumba m'mphepete mwa khoma kuti aone chimene nyumbayo yakhalira.

Nyumba zathu zambiri zakale n'za njerwa zowotcha zomangira dothi, zina n'za zidina. Maziko ake ndi mizere iwiri kapena itatu ya njerwa basi, ndipo pepala lakuda lija amisiri amati DPC, lotchinga chinyontho kuti chisakwere m'khoma, mulibe. Nyumba yotere imakhala zaka zambiri malinga ngati khoma likunyowa n'kuumanso. Tsopano inu mwabwera ndi simenti yanu, mwamata mkati ndi kunja mpaka pansi. Chinyontho chochokera m'nthaka chasowa potulukira, ndiye chimangokwera. Dothi la pakati pa njerwa limafewa, njerwa za m'munsi zimayamba kufumbutuka, ndipo pulasitala uja amalekana ndi khoma. Mukagogoda ndi chala amalira ngati ng'oma. Kuseri kwakeko chiswe chapeza njira yabwino yamdima yokafikira ku mapaso. Kale munkachiona chikukwera n'kuchisesa ndi tsache. Lero mudzachidziwa denga litagwa kale pakati.

Nanga mng'alu? Anthu amaona ngati mng'alu ndi vuto la khoma. Nthawi zambiri vuto lili pansi. Nthaka yamakande ya m'mphepete mwa madambo imatupa mvula ikagwa, n'kunyala ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo nyumba ya maziko osaya imayenda nayo limodzi. Ena anamanga pamene panali chulu, ena pafupi ndi dzenje loumbirapo njerwa lomwe anangolikwirira. Mng'alu wotsata mizere ya njerwa mopingasa, wotambasuka kumwamba n'kumachepa kumunsi, ukukuuzani kuti ngodya ina yatitimira. Mukaumata mu Julayi, pofika Febuluwale watsegukanso pomwepo, pentiyo asanathe n'komwe kuwala.

Za denga ndiye musanene. Mmisiri amawonjezera mizere itatu ya njerwa za simenti pamwamba pa khoma ladothi kuti nyumba italike, amakulitsa mawindo osaika lintala (mtanda wonyamula njerwa za pamwamba pa windo), kenako amamangirira mitanda ndi waya ku njerwa za pamwamba zokhazokha. Mphepo yobwera ndi mvula yoyamba, mu Novembala ndi Disembala, mukuidziwa nonse. Imanyamula malata pamodzi ndi njerwa zimene anamangirirapo.

Mlimi wina wa kudera la Santhe ndinamupeza atatsitsa kale mchenga pabwalo. Kumbuyo kwa nyumba yake kunali mng'alu woti chala chinkalowa bwinobwino. Nditamupempha kuti tiyambe takumba pangodya, anandiyang'ana n'kuseka. "Alangizi, inu dziwani za chimanga. Nyumba iyi anamanga ndi bambo anga nthawi ya Kamuzu, yapirira mvula zingati?" Mayi a kunyumba ndi amene anandilondola mpaka panjinga n'kunong'ona kuti chitseko cha kuchipinda chinasiya kutsekeka chaka chatha. Bambowo anamatabe, anafolera malata atsopano, nyumba inakongola ndithu moti anthu ankapatukira kudzaona. Mu Januwale khoma lakumbuyo linagwera kunja masana, mwamwayi ana ali kusukulu. Matumba a chimanga amene anali m'chipindamo ananyowa, ndipo feteleza wobereketsa anali asanagule chifukwa ndalama inathera kunyumba.

Tawerengani zimene munthu amataya pamenepa. Simenti yomata siibwerera m'thumba. Malata ochotsedwa ndi mphepo amapindika, mabowo a misomali n'kung'ambika, ndiye ngakhale muwawongole adzadonthabe. Mmisiri mumulipira kawiri. Koma chimene ambiri sachiganizira ndi njerwa. Khoma lomangira dothi mukaligumula mwadala, kuyambira pamwamba, njerwa zambiri zimatuluka zathunthu, mumangozipala dothi n'kumangiranso. Zikamatidwa simenti yolimba, kapena khoma likagwa lokha, mumatola zibenthu. Ndiye kuti pulasitala uja wakudyerani ndalama, wakudyeraninso njerwa zimene zikanakuchepetserani mtengo wa nyumba yatsopano. Nkhuni zowotchera uvuni wina muzitenga kuti, mitengo itathera m'zigafa ndi m'mabani a fodya?

Mawu oti nyumba ya malemu sagwetsa ndatopa nawo. Malemuwo anamanga kuti ana awo azigona mwamtendere. Ulemu wanji wogoneka zidzukulu pansi pa khoma lopendekeka? Enanso ndi manyazi chabe: mnzawo wapenta, iwonso apente chaka chomwechino, anthu adziwe kuti fodya anayenda bwino. Amisiri ena nawonso sangakuuzeni zoona, poti ganyu yomata ndi ya sabata imodzi ndipo ndalama yake ndi yapompopompo. Fakitale ya simenti ya Shayona tili nayo konkuno ku Kasungu, inde, koma simenti yomatidwa kunja siilimbitsa maziko amene kulibe.

Zoti muchite n'zosavuta. Kumbani pang'ono pa ngodya zonse zinayi, imodziimodzi, muone kuya kwa maziko ndi mmene njerwa za m'munsi zilili. Mukatha kwirirani n'kutsendera. Mangani mwala ku chingwe, mulendewetse kuchokera pamwamba pa khoma kuti muone ngati lapendekeka. Pa mng'alu matanipo kasimenti kochepa modutsa, mulembe tsiku, mudikire mvula ithe. Kakapanda kusweka, mng'aluwo unaima ndipo ungathe kusokedwa ndi waya wa bilikifosi, uja amayala pakati pa mizere ya njerwa. Kakasweka, nyumba ikuyendabe.

Ngati maziko ndi ouma, makoma ali chilili, vuto n'kudontha ndi mapaso odyedwa, konzani, musawononge nyumba yabwino. Ngati khoma limodzi lokha ndilo lavuta, chirikizani denga, mugumule lomwelo n'kulimanganso kuchokera pansi. Koma makoma awiri kapena kuposa akapendekeka, njerwa za m'munsi zikufumbutuka m'manja, gumulani mwadongosolo, musunge njerwa, mafelemu ndi malata. Yatsopanoyo ikhale ndi maziko ofika pa nthaka yolimba, DPC, ring beam (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma onse), ndi waya wa denga wozika mizere ingapo m'khoma. Ndalama ikachepa mangani zipinda ziwiri chaka chino, zina chaka chamawa. A m'tauni yambani mwafika ku khonsolo ndi pulani yanu musanagumule. Ndipo kaya mwakonza kaya mwamanganso, denga litulukire kunja masentimita 60, khonde lizungulire nyumba yonse, ndi ngalande yochotsa madzi mukumbe mvula isanayambe.