Mmene mungatumizire filimu yanu ku zikondwerero za mafilimu osataya ndalama pachabe

Filimu ikangotha, mtima umathamangira kuiponya pa YouTube kuti abale ndi anzanu aione usiku womwewo. Ugwireni mtima kaye. Ngati mukufuna kuti filimuyo ikapikisane ku chikondwerero cha mafilimu, kuiika pa intaneti kungakutsekereni makomo ambiri tsiku limodzi. Zikondwerero zikuluzikulu monga Cannes ku France, Berlin ku Germany ndi Venice ku Italy zimafuna kuti filimu ya mumpikisano wawo ikhale yatsopano, imene anthu sanaionere kale pa intaneti kapena ku chikondwerero china cha kunja. Kuonetsa koyambako amati premiere, ndipo filimu iliyonse ili ndi premiere imodzi yokha ya padziko lonse lapansi. Mukaigwiritsa ntchito, yatha basi. Malamulo amasiyana ndithu: Sundance ku America imalandira mafilimu aafupi ngakhale atakhala kale pa intaneti. N'chifukwa chake ndimauza achinyamata amene amabwera ndi mafilimu awo kwa ine kuti ndiwathandize editing kuti asanachite chilichonse, awerenge malamulo a chikondwerero chilichonse kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza. Ngati Chingerezi chake chikuvuta, pezani wina akuwerengereni pang'onopang'ono.

Gulani kope la pasukulu wamba. Tsamba lililonse likhale la chikondwerero chimodzi: dzina lake, mwezi umene chimachitika, tsiku lomaliza kulandira mafilimu, ndalama zolembetsera, kutalika kwa filimu kumene amalola, lamulo lawo la premiere, ndi tsiku limene amalengeza mafilimu osankhidwa. Kutalikaku musakupeputse. Mpikisano wa mafilimu aafupi ku Cannes sulola kupitirira mphindi 15, kuphatikizapo maina a kumapeto aja. Ku Berlin malire ndi mphindi 30. Filimu ya mphindi 16 mumpikisano wa ku Cannes umenewu saiyang'ana n'komwe, ngakhale itakoma bwanji. Onaninso lamulo la zaka: ena amafuna filimu yomalizidwa m'miyezi 12 yapitayi, ena amalola mpaka zaka ziwiri. Filimu imakalamba msanga pa nkhani ya mipikisano, choncho musaisunge mu hard drive chaka chathunthu mukudikira kuti zinthu ziyende.

Makomo olandirira mafilimu amatsekedwa miyezi ingapo chikondwerero chisanachitike. Sundance imachitika mu January koma amatseka cha mu September. Berlin ndi ya mu February ndipo amatseka chakumapeto kwa chaka cham'mbuyo. Mukamva pawailesi kuti chikondwerero chayamba, dziwani kuti cha chaka chimenecho mwachedwa nacho kalekale.

Funso lalikulu ndi lakuti mutumize kuti. Maganizo anga ndi akuti wopanga mafilimu wa kuno ayambe wayang'ana za mu Africa muno, osati chifukwa choti n'zopepuka, ayi, koma chifukwa oweruza ake amamvetsa moyo umene tikuonetsa popanda kuwafotokozera zambiri. Ku Ouagadougou m'dziko la Burkina Faso kuli FESPACO, yomwe inayamba mu 1969 ndipo imachitika kamodzi pa zaka ziwiri. Mphoto yake yaikulu ndi Étalon de Yennenga, ndipo kwa ine palibe mphoto ina mu Africa yoposa imeneyi ulemu. Ku Tunisia kuli chikondwerero cha Carthage chomwe chinayamba mu 1966. Durban International Film Festival ku South Africa yakhala ikuchitika kuyambira 1979, kawirikawiri mu July. Pafupi nafe pali Zanzibar International Film Festival, kumene mafilimu ena amaonetsedwa panja usiku mu Old Fort ya ku Stone Town, ndipo mphoto yake ndi Golden Dhow. Lagos ili ndi AFRIFF, Egypt ili ndi Luxor African Film Festival. Ngati filimu yanu ndi documentary, yoonetsa zochitika zenizeni osati sewero, lembani m'kope muja Encounters ya ku South Africa ndi IDFA ya ku Amsterdam. Ya mafilimu aafupi yodziwika kwambiri ndi Clermont-Ferrand ku France.

Palinso mipikisano ya mphoto, yomwe si zikondwerero zoonetsa mafilimu koma nayonso imaitana anthu kuti atumize ntchito zawo: AMAA (Africa Movie Academy Awards) ndi AMVCA (Africa Magic Viewers' Choice Awards). Amalawi anapambanako kale. Joyce Mhango Chavula anatenga mphoto ya filimu yabwino ya kummwera kwa Africa ku AMVCA mu 2016, ndipo Shemu Joyah anatenga yomweyo mu 2018. Choncho wina asakunamizeni kuti filimu yojambulidwa ku Ndirande kapena ku Mchesi singafike kutali.

Za ku Ulaya ndi ku America sindikukuletsani. Rungano Nyoni, wobadwira ku Lusaka, anaonetsa filimu yake yoyamba yaitali ku Cannes mu 2017, muli anthu olankhula Chinyanja, ndipo mu 2018 inapata mphoto ya BAFTA ya ku Britain. Koma dziwani kukula kwa mpikisano. Sundance imalandira mafilimu aafupi opitirira 10,000 pachaka n'kusankhapo osafika 100. Ngati mukukhulupirira filimu yanu, yambani kutumiza kumene lamulo la premiere ndi lokhwima kwambiri, dikirani yankho, kenako muzitsika. Mukayambira pansi, mungalandiridwe ku kachikondwerero kakang'ono mu March n'kudzipeza kuti simukuloledwanso kumene mumafunitsitsa mu July.

Tsopano tikambe za filimu yeniyeniyo, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwera. Ganizirani munthu amene adzaione koyamba. Sadzaionera muholo ya sinema. Adzakhala pa laputopu atavala mahedifoni, ataonera kale mafilimu ena ambirimbiri sabata imeneyo, ndipo Chichewa sachidziwa ngakhale liwu limodzi. Chithunzi chosawala bwino angachikhululukire. Mawu osamveka sakhululuka. Ndaonapo zochitika zojambulidwa bwino kwambiri m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay, dzuwa likulowa, asodzi akukoka khoka, mayi akuuza mwana wake nkhani yowawa, koma chimene chikumveka ndi mwera ukuwomba pa maikolofoni ya kamera. Kapena m'nyumba ya malata, jenereta ya aneba ikulira kuseri, ndipo kamera ikasintha mbali phokosolo limasinthanso, kukwera n'kutsika. Woweruza akamva zimenezi m'mphindi ziwiri zoyambirira, mtima wake wachoka kale. Ngati ndalama zatsala zochepa, ziperekeni kwa munthu wodziwa kukonza mawu. Aitaneni ochita sewero aja adzabwerezenso mawu awo m'chipinda chachete pamene sanamveke. Mukamaliza, mvetserani filimu yonse ndi mahedifoni mutatseka maso. Pamene mwalephera kumva zimene akunena, pamenepo m'pofunika kukonza.

Chachiwiri ndi ma subtitle, mawu olembedwa m'munsi mwa chithunzi omasulira zimene anthu akulankhula. Kwa woweruza uja, ma subtitle ndiye zolankhula zonse za filimu yanu. Wolemba nkhani anavutika miyezi kusankha mawu, ndiye musawapereke kwa mphwanu kuti awamasulire usiku umodzi chifukwa choti anakhoza Chingerezi pa MSCE. Pezani munthu wodziwa bwino zinenero zonse ziwiri, mukhale naye pansi, muzionera limodzi. Mzere usapitirire zilembo pafupifupi 42, mizere isapose iwiri nthawi imodzi, ndipo mawu akhale pa sikirini nthawi yokwanira kuti munthu awerenge akuyang'ananso nkhope ya wolankhulayo. Miyambi ndi zining'a musazimasulire liwu ndi liwu. Funani chimene wolankhulayo akutanthauza, muchinene mwachidule. Nyimbo ya pamaliro kapena ya kumunda ngati ikunyamula nkhani, imasulireninso, chifukwa mlendo akangomva kuimba osadziwa mawu ake, theka la chisoni lamudutsa. Kenako patsani munthu amene sadziwa Chichewa aonere, akuuzeni nkhani imene waimva. Sungani ma subtitle mu fayilo yakeyake ya SRT, ndipo mukhale ndi kope la filimu lopanda mawu aliwonse pa chithunzi, chifukwa zikondwerero za kumaiko olankhula Chifalansa kapena Chipwitikizi zidzafuna kuikapo awo.

Nyimbo nazo zimagwetsa anthu. Mwajambula mu minibasi kapena pa bala, wailesi ikuimba nyimbo ya woimba wotchuka, inu n'kuisiya momwemo poti ikukometsa. Polembetsa mudzasaina kuti chilichonse cha mufilimu muli nacho chilolezo. Pitani kwa mwini nyimbo mukagwirizane polemba, ndipo a Cosoma angakuunikireni za umwini wa nyimbo za kuno. Njira yosavuta ndi kuzimitsa wailesi pojambula, n'kupempha mnzanu woimba akupekereni nyimbo yanuyanu. Ochita sewero onse asaine kapepala kovomereza, ndipo ngati mufilimumo muli ana, asaine makolo awo.

Zikondwerero zambiri masiku ano zimalandirira pa webusaiti yotumizira mafilimu ya FilmFreeway, ngakhale zina zazikulu zili ndi mafomu awo pa webusaiti yawo. Tsegulani akaunti ndi imelo yanu, imene mumaitsegula tsiku ndi tsiku. Mudzafunika chiganizo chimodzi chonena za filimu yonse, ndime imodzi yofotokoza nkhani, mbiri yanu yaifupi, mawu anu onena chifukwa chimene munapangira filimuyi, posita, ndi zithunzi zitatu kapena zisanu zooneka bwino. Pofotokoza nkhani musalembe kuti filimuyi ikuphunzitsa anthu kuipa kwa maukwati a ana. Nenani za munthu: ndani, akufuna chiyani, chikumutchinga n'chiyani. Oweruza akufuna nkhani, uthenga adzaupeza okha. Filimuyo muiike pa FilmFreeway pomwepo kapena pa Vimeo ndi pasiwedi, ndipo pasiwediyo musaisinthe mpaka mayankho onse atabwera. Poikweza pa intaneti sankhani usiku pamene netiweki yapepuka, laputopu ili yodzaza moto kuopa kuzima kwa magetsi, ndipo ikatha ioneni yonse pa foni ya munthu wina. Musadikire tsiku lomaliza. Nthawi yotsekera imakhala ya kwawoko, osati ya kuno.

Ndalama zolembetsera zimakhala m'madola, ndipo tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zikuvutira. Zikondwerero zambiri zimakhala ndi mitengo itatu: wotsika kwa otumiza msanga, wapakati, ndi wokwera kwa ochedwa. Kutumiza msanga ndiye kupulumutsa ndalama. Zina, makamaka za mu Africa, sizilipiritsa kapena zimachotsera anthu a mu Africa. Kumene akulipiritsa, lembani kalata yaifupi yaulemu yopempha fee waiver, kuti akuloleni kulembetsa osalipira: dzina lanu, kuti muli ku Malawi, filimu yanu ndi yotani, chifukwa chimene mwasankhira chikondwerero chawocho, ndi kuti kulipira m'madola n'kovuta kuno. Kalata imodzi yotumizidwa kwa onse nthawi imodzi imaonekeratu, ndipo sayankha. Ena adzakana, ena adzakupatsani nambala yochotsera mtengo. Khadi la kubanki likakana, m'bale wa ku Johannesburg kapena ku Leeds angakulipirireni, koma akaunti ikhalebe m'dzina lanu.

Chenjerani ndi zikondwerero zabodza, zachuluka zedi. Mukangoika filimu pa FilmFreeway mudzayamba kulandira maimelo okutamandani, oti filimu yanu yawagwira mtima, tumizani msanga tikuchotserani theka. Zina zimapereka mphoto mwezi uliwonse, m'magulu makumimakumi, pafupifupi kwa aliyense amene walipira, kenako n'kukuuzani kuti chikho chake mugule nokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Musanalipire fufuzani: kodi chimachitikira muholo iti, mumzinda uti? Pali zithunzi za anthu atakhala pansi akuonera? Mafilimu amene anapambana chaka chatha alipo, ndipo eni ake mungawapeze n'kuwafunsa? Tizizindikiro ta mphoto khumi ta zikondwerero zosadziwika pa posita yanu sitikuwonjezerani ulemu kwa anthu odziwa ntchitoyi. Kamodzi ka Durban kapena Zanzibar kamaposa tonseto.

Makalata okana adzabwera, ambiri ndithu, ndipo kawirikawiri sanena chifukwa. Musawayankhe mokwiya, chifukwa anthu ake ndi omwewo amene mudzawatumizire filimu yotsatira. Chongani m'kope, pitani tsamba lina.

Tsiku limene mwalandira kalata yoti mwasankhidwa, iwerengeni modekha musanalengeze pa Facebook, popeza ambiri amapempha kuti musaulule mpaka iwo atatulutsa mndandanda wawo. Yankhani msanga. Adzakupatsani masiku ochepa oti mutumize filimu yoonetsera muholo, kawirikawiri ngati DCP (mtundu wa fayilo umene makina a muholo ya sinema amagwiritsa ntchito) kapena fayilo ya ProRes. DCP mungaipange nokha ndi pulogalamu yaulere ya DCP-o-matic, koma ngati n'kotheka iyesedwe kaye musanaitumize. Mafayilo amenewa ndi aakulu kwambiri, ndiye konzekerani bandulo yokwanira kapena pemphani malo amene ali ndi intaneti yamphamvu. Funsani mosachita manyazi ngati akulipirirani ndege, malo ogona ndi chakudya, komanso ngati pali kangachepe kamene amapereka poonetsa filimu. Pemphani kalata yokuitanani nthawi yomweyo kuti muyambe za viza, ndipo pasipoti ikhale yokonzeka kale, isanathe masiku. Mukapita ku Burkina Faso mudzafunikanso khadi la katemera wa yellow fever.

Mukafika kumeneko musangokhalira kujambulitsa pa kapeti yofiira. Khalani muholo pamene filimu yanu ikuonetsedwa, mumve pamene anthu akuseka ndi pamene akuyamba kuyang'ana mafoni. Onerani mafilimu a anzanu, lowani m'misonkhano ya opanga mafilimu. Ku Durban kumachitika Durban FilmMart, kumene anthu amakumana ndi oika ndalama m'mafilimu, komanso Talents Durban ya achinyamata, yogwirizana ndi Berlinale Talents ya ku chikondwerero cha Berlin. Thumba la Hubert Bals la ku Rotterdam ndi IDFA Bertha Fund amathandiza opanga mafilimu a kumaiko ngati athu, ndipo nawonso ali ndi masiku awo otsekera oti mulembe m'kope muja. Anthu amenewa akakonda filimu yanu adzakufunsani chimene mukukonza tsopano, choncho nyamulani tsamba limodzi lofotokoza filimu yotsatira, lokhala ndi imelo ndi nambala yanu ya WhatsApp pansi pake.