Mukufuna masitazi ya nutrition yofufuza zomwe anthu amadya? Yambirani apa

Amene mwamaliza digiri ya nutrition ku Bunda kapena mukugwira ntchito ku NGO muno mu Lilongwe ndipo mukuganiza zopita ku masitazi, pali mbali ina imene anthu saiganizira kwenikweni, ya dietary assessment, yofufuza kuti munthu wadya chani komanso chochuluka bwanji, pogwiritsa ntchito foni ndi tabuleti. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa MDHS wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, koma nambala imeneyoyo siikuuzani kuti m'mbale mwa mwanayo mukusowa chani. Ntchito ya dietary assessment ndi imeneyo.

Choyamba, musanatsegule fomu ya sukulu ina iliyonse, phunzirani kuchita 24-hour recall ndi manja anu. Mumamufunsa munthu zonse zimene wadya dzulo kuyambira podzuka mpaka pogona, ndipo simufunsa kamodzi ayi, mumabwereza: kaye mndandanda wachangu, kenako zimene waiwala, kenako kaphikidwe ndi kuchuluka kwake. Yambani ndi a kunyumba kwanu komweko mudzaona nokha pamene pamavuta. Amayi akuuzani kuti anadya nsima ya masamba basi, koma thobwa anamwa kwa aneba, chimanga chootcha cha pa depoti ndi mango awiri a panjira sazitchula, kwa iwo chimenecho sichakudya. Ndiye nsimayo inali ya mgaiwa kapena ya ufa woyera? Mitanda ingati, ndipo chipande chake chachikulu bwanji? Nkhwaniwo anali otendera kapena anathira mafuta? Nanga mwana amene amadyera mbale imodzi ndi abale ake atatu mumuyeza bwanji? Mu kafukufuku ena amamupatsa munthu dongo losewerera ana kuti aumbe kukula kwa nsima imene anadya kenako nkuyeza pasikelo. Apa khalanipo nthawi, chifukwa ma app ambiri anapangidwira anthu amene aliyense amadya mbale yake ndipo zakudya zawo zimabwera m'mapaketi olembedwa magalamu.

Chachiwiri, pezani Malawian Food Composition Table ya 2019, imene LUANAR inagwirira limodzi ndi Tufts University komanso South African Medical Research Council. Ili pa intaneti ulere. Ndi imene imasandutsa magalamu a usipa kapena nyemba kukhala iron, zinc ndi zina zotero. Yang'anani zakudya za kwanu zimene mulibemo, mutu wa kafukufuku wanu ukhoza kuchokera pomwepo. Dziwaninso kuti chimanga sichimodzi dziko lonse, selenium wa m'chimanga amatengera dothi limene chalimidwa, ndipo madera ambiri a Malawi ngochepa.

Kenako zida. KoboToolbox ndi ODK, mapulogalamu otolera data pa foni kapena tabuleti, muyenera kuzidziwa, pangani fomu yanu yogwira ntchito popanda netiweki chifukwa kumudzi bandulo siikuthandizani. Werengani za mapulogalamu ochitira 24-hour recall monga INDDEX24 ya ku Tufts imene anaipangira maiko ngati athu ano, Intake24 ya ku Newcastle ndi myfood24 ya ku Leeds, onaninso FAO/WHO GIFT kumene amasungako data ya kadyedwe ka maiko osiyanasiyana. Koma chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi statistics. R, pulogalamu yochitira statistics, ndi yaulere, iyambeni pano, musadikire kuti mukaiphunzirira ku sukulu kunja uku mukulimbana ndi kuzizira. Musasokonezenso magulu 6 a zakudya amene timaphunzitsa ku sikelo ndi magulu 10 a MDD-W (Minimum Dietary Diversity for Women), amene amaona ngati mayi wadya magulu osachepera 5 pa tsiku, pa intaviyu akhoza kukufunsani zimenezi.

Tsopano sankhani sukulu. LUANAR ili ndi masitazi ya human nutrition ndipo ubwino wake muli pafupi ndi anthu amene mukuwafufuza. Kunja kuli London School of Hygiene and Tropical Medicine ndi kosi yawo ya Nutrition for Global Health, Wageningen ku Netherlands, ndi Friedman School ya Tufts ku Boston. Ine ndinganene kuti musathamangire dzina la sukulu, fufuzani kaye lekichara amene akugwira ntchito ya dietary assessment ku Africa, werengani pepala lake limodzi nkumulembera imelo yaifupi yofotokoza vuto limene mwaliona mufilidi. Imelo ya "ndikufuna sikolashipu chonde" sayankha.

Ndalama ndiye nkhani. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imatsegula cha mu Ogasiti, imafuna zaka ziwiri zogwira ntchito komanso kuti mukamaliza mubwerere kuno kwa zaka ziwiri. Palinso Commonwealth, Beit Trust imene ndi ya a Malawi, Zambia ndi Zimbabwe okha, ndi Fulbright kudzera ku embase ya America. Transikiripiti itanitsani msanga, pasipoti ionetsetseni kuti siikutha, ndipo ngati sukuluyo ikufuna mayeso a Chingerezi a IELTS funsani ku British Council masiku olembera. Ma referee auzeni kudakali mwezi wathunthu, osati usiku wa deadline magetsi atazima.

Polemba kalata yodzifotokozera siyani zoti mumakonda kuthandiza osauka, aliyense amalemba zomwezo. Lembani za mbale yodyera limodzi ija, kapena momwe kadyedwe kamasinthira pakati pa Febuluwale ndi nthawi yokolola, ndi chimene mukufuna kuyesa kuti muyeze bwino. Ndipo ngati data mudzatolere kuno, ikani mu pulani yanu miyezi yodikira chilolezo cha NHSRC, komiti ya boma yovomereza kafukufuku wa zaumoyo, kapena komiti ya ethics ya yunivesite yanu, komanso nthawi yokaonekera kwa DHO, mkulu wa zaumoyo wa m'bomalo, ndi kwa mfumu ya dera limenelo musanayambe kufunsa anthu.