Kalavani yakale: yambani mwainunkhiza musanatulutse ndalama

Abale anga amene tili kuno ku Britain, makamaka inu a ana atatu kapena anayi amene mwatopa ndi mitengo ya mahotela m'mwezi wa Ogasiti, ndikudziwa kuti maso anu ayamba kugwera pa makalavani otsika mtengo amene adzaza pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi eBay. Maganizowo ndi abwino ndithu. Ife kalavani yatifikitsa ku Whitby, ku Lake District ndi kumpoto kwa Wales, tikuphika nsima pachitofu chathu, ana akugona pamabedi amene anawazolowera. Koma zimandiwawa ndikamva kuti munthu amene wagwira mashifiti ausiku miyezi yambirimbiri wataya ndalama zake pa chibokosi chowola. Nchifukwa chake ndalemba izi. Ndikunena za kalavani yokoka ndi galimoto, osati zikuluzikulu zija zokhazikika m'mapaki a tchuthi; zimenezo zili ndi nkhani yakeyake ya lendi ya malo chaka ndi chaka.

Chimene chimapha kalavani ndi chinyontho. Firiji ikafa mumagula ina, tayala likatha mumasintha, koma madzi akalowa m'khoma ndiye kuti thupi lenilenilo ladwala. Makalavani ambiri akale anapangidwa motere: kunja kuli chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu, pakati pali timatabwa togwira khoma ndi zoteteza kuzizira, m'kati muli pulayiwudi wopyapyala wokutidwa ndi pepala lokongola. Madzi amalowera m'malo olumikizira, pamphira wa mazenera, pazogwirira za m'makona, pazenera la padenga, ndiponso pakanjanji kaja komangirira tenti ya pambali. Akalowa satuluka. Matabwa amawolera m'kati momwemo, kunja kukuwalabe kuti phuliphuli. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye mukamapangana tsiku lokaona, pemphani mwiniwake kuti asatsegule mazenera, asayatse chotenthetsera, aisiye monga ilili. Mukatsegula chitseko imani kaye pakhomo, mukoke mpweya. Fungo la chuku silibisika. Mukapeza mazenera onse ali pululu, chotenthetsera chikuyaka, mafuta onunkhira apoperedwa paliponse, dzifunseni kuti akukwirira chiyani. Mukatero vulani nsapato, gwadani pansi. Chotsani makushoni onse a kutsogolo, kwezani matabwa a pansi pa mipando, walitsani tochi m'makona. Tsegulani kabati iliyonse ya m'mwamba, lowetsani dzanja mpaka pamene denga likumana ndi khoma. Dinikizani ndi chala. Khoma labwino ndi lolimba, lodwala limabonyoka. Yang'anani timatuza papepala la khoma, madontho akuda kapena achikasu, ndi timisomali tochita dzimbiri, chifukwa msomali wa m'kabati suchita dzimbiri popanda madzi. Kwezani pang'ono mphira wa zenera lililonse muone mtundu wa thabwa la pansi pake. Kubafa nakonso musakudumphe, makamaka kuseri kwa chimbudzi ndi pansi pa sinki.

Mphuno ndi chala pazokha sizikwana. Gulani kachipangizo koyezera chinyontho, kaja ka timinga tiwiri. M'masitolo a zipangizo zomangira kamapezeka pa mtengo wochepa poyerekeza ndi ndalama imene mukufuna kutulutsayo. Pemphani chilolezo, ndipo muzibaya pobisika, monga pansi pa mphira wa zenera ndi m'kati mwa makabati. Amisiri amawerenga motere: kufika 15 peresenti palibe vuto, pakati pa 15 ndi 20 mpofunika kupaonanso, kupitirira 20 madzi ayenera kuti ayamba kulowa, kukafika 30 kapena kuposa, matabwa ayenera kuti awonongeka kale. Nyengo yozizira nthunzi ya m'kati imakwezako manambalawa pang'ono, choncho yezani malo ambiri, muone ngati pali kona imodzi imene yasiyana kwambiri ndi anzake. Kona imeneyo ndiyo ikukuuzani zoona.

Ndinaperekezapo mnzanga wa kutchalitchi kukaona kalavani ina m'mudzi wina kufupi ndi Doncaster. Makatani anali atsopano, kalipeti watsopano, patebulo pali maluwa apulasitiki, ndipo mayi a kunyumba kwa mnzangayo anali atayamba kale kugawira ana mabedi. Nditakweza thabwa la pansi pa mpando wakumanzere, pakona ya kutsogolo, ndinapeza khoma lada bii kuyambira pansi kufika m'munsi mwa zenera. Nditadinikiza, chala chinalowa. Kachipangizo kanawerenga kupitirira 30. Mwiniwake, bambo wachikulire waulemu wake, anagwira pakamwa. Ndikukhulupirira kuti iyenso sankadziwa. Kukonza malo otere kumafuna kuphwasula khoma, kuchotsa zenera ndi kusintha matabwa, ndipo pa kalavani yakale mtengo wake ukhoza kuposa mtengo wa kalavani yomwe. Wina akakuuzani kuti "ndi pang'ono chabe, mungomata silikoni", thokozani, kwerani galimoto yanu muzipita.

Makalavani a zaka za posachedwa anachepetsa matabwa m'makoma. Bailey ya ku Bristol inayamba kapangidwe kake ka Alu-Tech mu 2009, ndipo Swift ndi Elddis nawonso anabwera ndi njira zawo pambuyo pake. Zimenezi zinathandiza, koma musasiye kuyeza poti mwaona dzina la kapangidwe katsopano pakhoma. Pansi pa ambiri mwa makalavaniwa mpa pulayiwudibe, ndipo madzi amatsikira komweko.

Pansipo yendanipo ndi masokosi okha, makamaka pakhomo ndi patsogolo pa sinki pamene anthu amaima kwambiri. Mukamva kunyimphanyimpha kapena kulira, nthawi zambiri ndi guluu wa pakati pa matabwa amene waleka kugwira. Ili ndi vuto lokonzeka, amabowola timabowo nkuthiramo guluu wapadera, ndipo lingakuthandizeni kutsitsa mtengo. Koma pakakhala pofewa komanso ponyowa, tabwereranso ku nkhani ya kuwola ija.

Kunja yendani mozungulira pang'onopang'ono. Fufuzani ming'alu pa pulasitiki wa kutsogolo ndi kumbuyo, makamaka m'makona a m'mwamba pafupi ndi kanjanji. Ngati pali makwerero, kwerani muone denga. Silikoni wopakidwa mwachisawawa pamwamba pa zomatira zakale amasonyeza kuti pamenepo panadonthapo. Mazenera ndi apulasitiki wa magawo awiri, ndipo ndi okwera mtengo kuposa mmene mungaganizire. Pa makalavani a makampani amene anagwa, monga Avondale mu 2008 ndi Lunar mu 2019, zenera kapena pulasitiki wa kutsogolo mungamusake mpaka kutopa.

Tsopano mapepala, ndipo apa ndikupemphani musachite manyazi. Kuyambira 1992, makalavani opangidwa kuno amalembetsedwa ku CRiS, kaundula wa makalavani ndi eni ake, ndipo iliyonse ili ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17. Nambalayi imadindidwa pachitsulo cha kutsogolo chokokera, imalembedwanso pamazenera. Ionekere chimodzimodzi pachitsulo, pamazenera ndi pachikalata. Mukaona kuti pazenera pamene payenera kukhala nambala pakwechedwa kapena pamatidwa kapepala, chokanipo, kalavaniyo ikhoza kukhala yakuba. Opangidwa ku Britain amayamba ndi SG, ndipo chilembo cha nambala 10 chimasonyeza chaka: 7 ndi 2007, 9 ndi 2009, A ndi 2010, B ndi 2011, choncho choncho. Wogulitsa akati ndi ya 2012 pamene pali 8, mwamugwira. Musanalipire, chitani kafukufuku wa CRiS pa intaneti. Ndi ndalama yochepa, ndipo amakuuzani ngati inabedwa, ngati a inshuwalansi anailemba kuti inawonongekeratu, kapena ngati idakali ndi ngongole. Kalavani yangongole eni ngongoleyo akhoza kudzailondola kwa inu. Dzina ndi keyala za pachikalata zigwirizane ndi munthu amene mukulankhula naye ndi nyumba imene mwafikapo. Wokuuzani kuti mukumane pamalo oimika magalimoto a sitolo, kapena woti ali kunja kwa dziko ndiye mutumize dipoziti kuti akubweretsereni, ameneyo ndi kamberembere. Malonda ndi m'maso.

Chinthu china chimene ambiri sadziwa nchakuti kalavani kuno siipita ku MOT. Palibe lamulo lokakamiza mwiniwake kuti aionetse kwa mmisiri, ndiye ikhoza kukhala zaka zambiri mabuleki ake asanatsegulidwepo. Funsani mapepala a sevisi ya chaka ndi chaka. Sevisi yochitidwa ndi mmisiri wa mu Approved Workshop Scheme, ndondomeko ya amisiri ovomerezeka okonza makalavani, imabwera ndi pepala losonyeza manambala a chinyontho pamalo aliwonse, ndipo mulu wa mapepala amenewa ndi wamtengo wapatali kuposa tenti ndi mipando imene akukuwonjezerani.

Gonani pansi muone chitsulo chonyamula kalavani, chimene kawirikawiri chimakhala cha kampani ya AL-KO kapena BPW. Chisakhale chopindika, chong'aluka kapena chowotchereredwa. Tsitsani ndi kukweza miyendo inayi ya m'makona, pukusani kagudumu ka kutsogolo, kokani buleki ya pamanja. Kankhani mutu wokolekera ku galimoto: uzilowa molimba nkubwerera pang'onopang'ono. Onaninso kawaya kaja kokoka buleki kalavani ikamasuka pa galimoto, kasakhale kothethuka.

Matayala amanyenga kwambiri. Kalavani siyenda mtunda wautali, choncho mano a tayala amaoneka atsopano pamene mphirayo wakalamba ndi dzuwa ndi kukhala malo amodzi. Pambali pa tayala pali manambala anayi: 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Malangizo a makalabu a eni makalavani ndi akuti tayala lisinthidwe likakwana zaka 5, ndipo lisapitirire zaka 7 zivute zitani. Tayala la kalavani likaphulika pamsewu limang'amba pansi pa kalavani pomwepo, nthawi zina mpaka mapaipi ndi mawaya. Ngati ndi akale, chotsani mtengo wake pa ndalama imene mukupereka, ndipo la sipeya muliwerengerenso.

Kulemera muziwerengere musananyamuke kunyumba. Pafupi ndi chitseko cha kalavani pali kachitsulo kolembedwa MTPLM, kumene ndi kulemera kwake ikadzaza mpaka polekezera. Kwa woyamba kumene kukoka, malangizo ndi akuti nambalayi isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yanu yopanda katundu. Galimoto ya makilogalamu 1,500 ndiye kuti ikoke kalavani ya makilogalamu 1,275 kapena kucheperapo. Limeneli si lamulo la boma, koma amene anamvapo kalavani ikuvina kumbuyo lole ikamadutsa pa M62 sangalinyoze. Chimene chili lamulo ndi malire okoka amene opanga galimoto anaika. Muwapeza m'buku la galimoto kapena pa V5C, chikalata cholembetsera galimotoyo. Za laisensi, kuyambira pa 16 Disembala 2021 ku England, Scotland ndi Wales, amene anakhoza mayeso a galimoto kuyambira 1997 amaloledwa kukoka mpaka makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Ku Northern Ireland malamulo ndi osiyana. Kuloledwa sikutanthauza kudziwa, ndipo Caravan and Motorhome Club ndi Camping and Caravanning Club onse amaphunzitsa kukoka ndi kubwerera m'mbuyo.

Za m'kati musangouzidwa kuti zonse zikugwira. Pemphani alumikize magetsi, gasi ndi madzi inu muli pomwepo, ndipo firiji aiyatse kudakali maola angapo musanafike chifukwa imachedwa kuzizira. Iyenera kugwira pa magetsi a 230V ndi pa gasi. Pa 12V imagwira galimoto ikamalira. Lawi la chitofu likhale labuluu, lachikasu ndi chizindikiro choipa. Tsegulani mipope yonse, dikirani madzi otentha, kenako suzumirani pansi pa thanki yotenthetsera madzi. Mwiniwake akaiwala kukhetsa madzi nyengo yachisanu isanafike, madziwo amaundana nkung'amba thanki ndi mipope, ndipo zimangoonekera madzi akayamba kuyenda. Paipi ya mphira ya gasi ili ndi deti, yakale isinthidwe. Alamu ya utsi ndi ya mpweya wakupha wa carbon monoxide gulani zatsopano musanagonemo usiku woyamba, pakuti muli ana m'kachipinda kakang'ono koyaka gasi. Onaninso pulagi yolumikiza ku galimoto: makalavani akale ali ndi mapulagi awiri a timano 7, pamene a kuyambira cha mu 2008 ali ndi imodzi ya timano 13. Zosinthira zilipo, bola mudziwiretu.

Mukagula kwa ogulitsa makalavani, mtengo umakwera koma lamulo la Consumer Rights Act 2015 limakupatsani masiku 30 obweza chinthu chopezeka ndi vuto limene sanakuuzeni. Mukagula kwa munthu wamba chitetezo chotere palibe, kupatula ngati anakunamizani pa zimene analemba, ndiye sungani chithunzi cha malonda akewo. Ine ndimalangiza kuti mukapeza imene mtima wagwa nayo, lipirani mmisiri woyendayenda wa mu Approved Workshop Scheme akaione musanamalize malonda. Wogulitsa wachilungamo sakana. Nthawi yabwino yogula ndi cha mu Okutobala ndi Novembala, pamene eni ake akuthawa kulipira malo osungira ndipo mvula yayamba kuonetsa podontha.

Malo osungirawo muwapeze musanagule. Nyumba zambiri za lendi, ngakhale zina zogula, zili ndi pangano loletsa kuimika kalavani pakhomo. Malo olembetsedwa ku CaSSOA, bungwe la eni malo osungira makalavani, amakhala ndi mpanda ndi chitetezo, ndipo a inshuwalansi ambiri amatsitsako mtengo mukasunga kumeneko.

Tsiku lokatenga nyamulani magalasi owonjezera oonera kumbuyo ndi nambala yofanana ndi ya galimoto yanu yoti mumate kumbuyo kwa kalavani. Mangitsani manati a magudumu, yezani mpweya wa matayala, ndipo wina aime kumbuyo aone ngati magetsi a buleki ndi okhotera akuyaka. Pamsewu malire anu ndi mamailosi 60 pa ola pa motorway ndi pamisewu yogawidwa pakati, 50 pamisewu wamba ya kunja kwa tawuni, ndipo pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa simuloledwa kulowa mzere wakumanja kwenikweni. Mukayenda mamailosi 20 kapena 30, imani pamalo abwino muonenso manati aja ndi kukhudza magudumu ngati sakutentha mopitirira.