Kulekanitsa madzi a mita imodzi pamene mukukonzanso nyumba

Mapoloti ambiri a ku Ndirande, Chilomoni, Kawale kapena Area 25 anayamba ndi nyumba imodzi, mita imodzi ndi mpope umodzi wapabwalo. M'kupita kwa zaka kuseri kunamangidwa nyumba ina ya mwana amene wakwatira kapena ya anthu a lendi, ndipo pulambala wa nthawi imeneyo anangodula paipi pamene panamuyandikira n'kukokera madzi kumeneko. Zikatero mabanja awiri amamwa pa bilu imodzi, ndipo mwezi ukatha aliyense amakhulupirira kuti mnzakeyo ndiye amachapa kwambiri. Nthawi yabwino yothetsera vutoli ndi pamene mukukonzanso nyumba, chifukwa makoma amakhala atagumulidwa kale, pansi pali posawaka, ndipo paipi iliyonse ikuoneka. Mukadikira kuti pulasitala ndi matailosi zilowe, ntchito yomweyo idzafuna kuswanso zimene mwalipira kumene.

Musanagule kalikonse, dziwani njira imene madzi amayenda papoloti panu. Eni nyumba ambiri amaganiza kuti amaidziwa, koma mapaipi akale kawirikawiri anakwiriridwa popanda wina kulemba pena paliponse. Yambirani pa mita n'kutsata paipi yaikulu mpaka pamene yagawikana. Pamene yalowa m'nthaka, kumbani pang'onopang'ono ndi khasu, chifukwa piki imaboola paipi ya pulasitiki kamodzi kokha. Ngati pali valavu panjira, itsekeni, kenako muzungulire nyumba zonse ziwiri mukutsegula mpope uliwonse, shawa, sinki ndi thanki ya chimbudzi, n'kulemba zimene zauma ndi zimene zikutulukabe madzi. Apa ndi pamene pamatulukira zodabwitsa, monga bafa la nyumba yakuseri limene limalandira madzi otentha kuchokera ku giza ya nyumba yaikulu, kapena mpope wapabwalo umene unalumikizidwa kudzera kukhitchini ya mnzanu. Jambulani zonsezi papepala, ngakhale mosalongosoka, chifukwa pepala limenelo ndi limene pulambala adzagwirire ntchito.

Tsiku lomwelo yesaninso ngati pali podontha. Tsekani mipope yonse, uzani a m'nyumba zonse kuti asagwiritse ntchito madzi kwa ola limodzi, ndipo muyang'ane nkhope ya mita. Mamita ambiri ali ndi kagudumu kakang'ono, nthawi zina kooneka ngati nyenyezi, kamene kamazungulira ngakhale madzi akudutsa pang'ono chabe. Kakamayenda mipope ili yotseka, ndiye kuti madzi akutayika penapake, ndipo malo oyamba kuwakayikira ndi thanki ya chimbudzi imene imakhetsa madzi mwakachetechete usana ndi usiku. Ndi bwino kupeza vutoli musanagawe madzi, chifukwa likatsala lidzagwera mbali imodzi n'kuyambitsanso mkangano womwe mumafuna kuuthetsa.

Pali njira ziwiri zolekanitsira, ndipo kusankha kwake n'kumene kumafuna kuganizira mofatsa kuposa china chilichonse. Njira yoyamba ndi kupempha bungwe logulitsa madzi kuti liike mita yachiwiri yokhala ndi akaunti yakeyake. M'mizinda ndi m'matauni muno m'Malawi ntchito imeneyi ili m'manja mwa mabungwe asanu, omwe ndi Blantyre Water Board, Lilongwe Water Board, ndi atatu a zigawo za kumpoto, pakati ndi kumwera, ndipo onse amayendera lamulo la Waterworks Act la 1995. Mumapita ku ofesi yawo, kulemba fomu, kusonyeza chiphaso chanu ndi umboni wakuti malowo ndi anu, ndipo iwo amatumiza munthu kudzayeza mtunda kuchokera pa paipi yawo yaikulu asanakuuzeni mtengo. Njira imeneyi imadya ndalama zambiri poyamba ndiponso imafuna kudikira, choncho fomuyo iperekedwe ntchito yomanga isanayambe. Koma ubwino wake ndi woonekeratu: nyumba iliyonse imakhala ndi bilu yake kapena imadzigulira mayunitsi ake, ndipo wina akalephera kulipira madzi amadulidwa kwa iye yekha. Palinso phindu lina limene ambiri saliona. Mtengo wa madzi a pakhomo umakwera m'magawo malinga ndi kuchuluka kwa madzi amene mita yawerenga pamwezi, motero mabanja awiri akaunjikana pa mita imodzi amafika msanga pa gawo lodula.

Njira yachiwiri ndi kuika mita yanuyanu yaing'ono pa paipi yopita ku nyumba inayo, kuseri kwa mita ya bungwe. Ndi yotsika mtengo ndipo pulambala amaimaliza tsiku limodzi, koma bungwe la madzi siliizindikira, moti bilu imabwerabe imodzi m'dzina la mwini poloti. Kawerengedwe kake ndi kochotsera: ngati mita yaikulu yawerenga makiyubiki mita 30 pamwezi ndipo yaing'onoyo yawerenga 11, ndiye kuti nyumba yakuseri yagwiritsa ntchito malita 11,000 ndipo yaikulu 19,000, popeza kiyubiki mita imodzi ndi malita 1,000. Mamita onsewo awerengedwe tsiku limodzi, eni nyumba zonse ali pomwepo, ndipo manambala alembedwe m'kabuku kapena ajambulidwe pa foni. Maganizo anga ndi akuti njira imeneyi imakwanira ngati m'nyumba zonsezo mukukhala anthu a banja limodzi, koma ngati nyumbayo ndi ya lendi, kapena ngati pali chiyembekezo chakuti poloti idzagawidwa pakati pa ana, ndi bwino kupirira mtengo wa mita yachiwiri ya bungwe.

Njira iliyonse imene mungasankhe, malire ake ndi amodzi: mita ndi paipi yonse yochokera ku msewu kufika pa mitapo ndi za bungwe la madzi. Pulambala wanu sayenera kusuntha mita, kudula chidindo chake kapena kulumikiza paipi madzi asanadutse pa mita, ngakhale atanena kuti ndi kwa masiku ochepa chabe omangira. Kutero kumawerengedwa ngati kuba madzi, ndipo chindapusa chimagwera mwini akaunti. Ngati khonde kapena mpanda watsopano ukudutsa pamene pali mita, pemphani bungwelo kuti lidzaisunthe lokha.

Musanadule paipi iliyonse, khalani pansi ndi a m'nyumba inayo. Auzeni tsiku ndi maola amene madzi adzatsekedwe kuti atungiretu m'zidebe, ndipo mugwirizane za bilu yomaliza yogawana. Nkhani imene imaiwalika kawirikawiri ndi ya madzi omangira. Kukanda simenti, kunyowetsa njerwa ndi kuthirira konkire kwa masiku angapo kumadya madzi ochuluka, ndipo si chilungamo kuti munthu wa lendi alipireko madzi omangira nyumba yomwe si yake. Lembani nambala ya pa mita tsiku limene amisiri ayamba ntchito, ndipo zonse zopitirira bilu ya masiku onse zikhale za womangitsa.

Pa tsiku lodula, chinthu chofunika kuchiyang'anitsitsa ndi malo amene paipi yakale yatsekeredwa. Apulambala ena amadula paipi pakhoma la nyumba yakuseri n'kuikapo chotsekera, kusiya mamita khumi kapena kuposerapo a paipi yodzaza madzi osayenda pansi pa nthaka. Madzi oterewa amaola, amasunga tizilombo ndi dzimbiri, ndipo mphamvu ya madzi ikatsika amabwerera m'paipi imene mumamwera. Paipi yakale idulidwe pa mphanda penipeni pamene inachokera, ndipo ngati n'kotheka mphandayo ichotsedwe n'kuikapo paipi yowongoka. Nyumba iliyonse ikhale ndi valavu yake yotsekera pamalo ofikirika, kuti mpope ukaphulika kwa wina, mnzake asagone wopanda madzi.

Ngati mapaipi akale ndi achitsulo, ndi nzeru kuwachotsa onse pa nthawi imeneyi, chifukwa dzimbiri limawachepetsa m'kati mpaka madzi kumangotuluka ngati ulusi. Panja ambiri amagwiritsa ntchito paipi yakuda ya HDPE, m'nyumba PPR yomwe imalumikizidwa poitenthetsa ndi makina ndipo imapirira madzi otentha. Paipi yaikulu yochokera pa mita ikhale ya mamilimita 20 kapena 25, ndipo yopita ku mipope ingathe kucheperako. Koma musanachotse chitsulo itanani wamagetsi, pakuti m'nyumba zina zakale waya wa earth, woteteza anthu kuti asagwidwe ndi magetsi, anamangiriridwa ku paipi ya madzi, ndipo mukaikapo pulasitiki chitetezo chimenecho chimatha inu osadziwa, mpaka tsiku limene wina adzagwidwe ndi magetsi pa mpope wa shawa.

Thanki nayo iganiziridwe. Ku Blantyre, kumene madzi ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire kukwera mtunda wautali, mabanja ambiri amadalira thanki pamene mipope yauma. Thanki imodzi singatumikire nyumba ziwiri zokhala ndi mamita osiyana, chifukwa idzadzazidwa ndi mita imodzi n'kumwedwa ndi onse. Ipatsidwe ku nyumba imodzi, ndipo pa paipi yolowera paikidwe valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo. Zomwezonso ndi giza: nyumba iliyonse ikhale ndi yake.

Ngalande ya paipi yatsopano ikumbidwe yakuya pafupifupi theka la mita, ndipo pamene pamadutsa galimoto ipitirire pamenepo. Italikirane ndi dzenje la chimbudzi ndi paipi ya zonyansa, ndipo pansi pake pathiridwe mchenga kuti miyala isaboole paipi. Musalole kuti ikwiriridwe tsiku lomwelo. Tsegulani madzi, siyani mipope itayire kwa mphindi zingapo kuti zinyalala zituluke, kenako tsekani valavu ya nyumba imodzi n'kutsimikiza kuti mipope yake yonse yauma pamene ya inayo ikutuluka bwino, ndipo muchitenso chimodzimodzi mbali inayo. Usiku umenewo tsekani mipope yonse, lembani manambala a mamita, ndipo muwaonenso m'mawa anthu asanadzuke. Ngati sanasunthe ndipo polumikizira ponse m'pouma, jambulani ngalande yonse pa foni tepi yoyezera ikuonetsa mtunda kuchokera pakhoma, musunge zithunzizo pamodzi ndi mapepala a nyumba, ndipo mukatero muuze anyamata kuti akwirire.